MLIMI WA MTEDZA AMENE ANTHU ACE ANAMKANA

Inu alimi mudziwa bwino kuti munda sauweruza mwezi wa December. Nthawi imeneyo cimanga cikali m'maondo, ndipo munda wobiriwira lero ukhoza kufota m'February dzuwa likakwiya, pamene munda umene anthu anauseka ndiwo udzadzaza nkhokwe. Mudziwanso kuti caka ca cirala mlimi wakhama ndi mlesi onse awiri alira njala, ndipo mlendo wongopita panjira sangathe kuwasiyanitsa. Zimenezi palibe munthu angakuphunzitseni. Koma nanga poweruza mtsogoleri wa dziko, kodi ticita monga momwemo?

Lero tikusimbirani za mlimi mnzanu, wolima mtedza, amene anakhala Purezidenti wa dziko la America kuyambira January 1977 kufikira January 1981. Dzina lace ndiye Jimmy Carter. Atalamula zaka zinai zokha anthu ace anamkana pacisankho, ndipo kwa zaka zambiri munthu wofuna kunena za Purezidenti wolephera anali kuchula dzina limeneli. Iye anamwalira pa 29 December 2024 ali ndi zaka 100, koma mlandu wace ukali pabwalo. Ena akuti analephera ndithu, ena akuti anaweruzidwa msanga. Inunso muli ndi atsogoleri amene muwasankha ndi kuwacotsa, tsono khalani pansi timvere limodzi mlanduwu.

Mwana wa ku Plains

Bwana Carter anabadwa pa 1 October 1924 m'kamudzi kochedwa Plains, m'cigawo ca Georgia. Musaganize kuti ana onse a ku America akulira m'nyumba zosanja. Iye ali wamng'ono, m'nyumba ya atate wace munalibe magetsi kapena madzi a m'mpope. Analima ndi pulawo yokokedwa ndi nyulu, ndipo ali ndi zaka zisanu anayamba kugulitsa mtedza wophika m'mseu. Anansi ace ambiri anali anthu akuda ogwira nchito m'minda, ndipo ana ao ndiwo anali anzace osewera nao.

Atakula analowa usilikari wa pamadzi, nagwira nchito m'sitima zoyenda pansi pa nyanja. Atate wace atamwalira m'caka ca 1953 anasiya nchito yabwinoyo nabwerera kumudzi kukasunga munda ndi nyumba yogulira mtedza. Caka cotsatira kunagwa cirala, ndipo sanapindule kanthu kooneka. Mkazi wace, Mai Rosalynn, ndiye anasunga mabuku a ndarama.

Masiku amenewo azungu a m'cigawoco anali ndi bungwe lokana kuti ana akuda aphunzire sukulu imodzi ndi ana a azungu. Anadza kwa iye kuti alowe, napempha madola asanu okha. Iye anakana. Ena analeka kugula kwa iye kwa kanthawi, koma sanatembenuke. Khalidwe limeneli lisungeni m'mutu, pakuti mudzalionanso kutsogoloku: munthuyu akaganiza kuti cinthu nciyenera, anacicita ngakhale cimtayitse malonda. Nthawi zina ico cinali camuna, nthawi zina cinali liuma cabe.

M'caka ca 1971 anakhala Bwanamkubwa wa Georgia, ndipo m'November 1976 anapambana Bwana Gerald Ford pa cisankho ca Purezidenti.

Zimene anthu anaona ndi maso

Tisanamcinjirize, tiyambe tamva odandaula, pakuti madandaulo ao sanali abodza. Mitengo ya zinthu inakwera koopsya. M'caka ca 1980 cinthu cimene munthu anagula ndi madola 100 caka capitaco anacigula ndi madola oposa 113. M'caka ca 1979 petulo anasowa, ndipo eni magalimoto anaima pamzere nthawi yaitali kuyembekeza, ena nkubwerera opanda kanthu. Wobwereka ndarama kubanki anafika popereka ciongoladzanja ca madola 20 pa madola 100 ali onse. Mlimi amene anagula thirakitala pangongole anagona osapeza tulo.

Pamwamba pa izi panadza manyazi. Pa 4 November 1979 anyamata a ku Iran anathyola nyumba ya kazembe wa America mu mzinda wa Tehran, nagwira anthu ogwira nchito momwemo. Anthu 52 anasungidwa masiku 444. Madzulo ali onse a wailesi ya kanema anali kuwerenga masikuwo, ndipo dziko lamphamvu cotere linaoneka ngati njobvu yomangidwa ndi luzi. M'April 1980 Purezidenti anatuma asilikari ndi ndege kuti akawalanditse, koma ndege zina zinaonongeka panjira, ulendo unalephereka, ndipo pobwerera ndege ziwiri zinagundana m'cipululu. Asilikari asanu ndi atatu anafa.

Cotero pa cisankho ca November 1980, mwa zigawo 50 za dzikolo, Bwana Ronald Reagan anatenga 44, Bwana Carter 6 zokha pamodzi ndi mzinda wa Washington. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo woponya voti alibe mlandu akaweruza ndi zimene ziri m'thumba mwace tsiku limenelo. Ndani wa inu angaombere m'manja mfumu pamene ana agona ndi njala?

Za mvula ndi za khasu

Koma munthu wofuna kuweruza bwino ayenera kufunsa kuti, mwa zoipa zonsezi, nziti zinadza ngati cirala, ndipo nziti zinadza cifukwa mwini munda sanapalire?

Kukwera kwa mitengo ya zinthu Bwana Carter anakupeza kutayamba kale. M'caka ca 1974, iye asanalowe, zinthu zinakwera ndi 11 pa 100. Kusowa kwa petulo kunadza cifukwa anthu a ku Iran anaukira mfumu yao, imene anali kuicha Shah, ndipo mafuta a dzikolo analeka kutuluka monga kale. Mtengo wa mafuta unakwera koposa kawiri pa dziko lonse lapansi, ndi kuno komwe tinaumva. Cimeneco cinali cirala. Komatu sizonse. Pamene iye analowa, kukwera kuja kunali kutatsikako kufika ngati 6 pa 100, ndipo zaka ziwiri zoyamba iye anaika mtima pa kupezera anthu nchito, nacedwa kuona kuti moto ulikuyakanso. Pamenepo khasu lace linacedwa.

Tsono imvani cimene anacita atauona motowo, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Ku America kuli banki yaikuru ya Boma imene ilamula kucuruka kwa ndarama m'dziko. M'August 1979 Bwana Carter anaika Paul Volcker kukhala mkuru wa bankiyo. Munthu ameneyu ananeneratu kuti mankhwala ace ngowawa: adzakweza ciongoladzanja kuti anthu aleke kubwereka, ndarama zicepe m'manja mwa anthu, ndipo ogulitsa aleke kukweza mitengo. Ena mwa aphungu a Purezidenti anamcenjeza kuti cisankho ciri pafupi, ndipo mankhwala otere adzamtayitsa mpando. Iye anamuikabe. Ciongoladzanja ca 20 pa 100 cimene anthu anamda naco cija cinali mankhwala amenewo.

Mankhwala anagwira nchito, koma mocedwa, ndipo anthu ambiri anataya nchito zao asanacire. Pofika 1983 kukwera kwa mitengo ya zinthu kunali ngati 3 pa 100. Pampando panali Bwana Reagan, ndipo m'caka ca 1984 anthu anamthokoza pomsankhanso m'zigawo 49. Tisamcotsere Bwana Reagan cace, pakuti iyenso anapirira osamcotsa Volcker pamene anthu anali kulira. Koma wobzala anali wina, wokolola wina. Zotere muziona kumudzi: nkhalamba ibzala mango, ndipo ana a sukulu odya zipatsozo saidziwa ndi dzina lomwe.

Ndi anthu 52 aja zinatero. Amene anakambirana ndi Iran miyezi yambiri, kupyolera mwa Boma la Algeria, anali anthu a Bwana Carter. Pangano linalembedwa pa 19 January 1981. M'mawa mwace, Bwana Reagan atangolumbira, ndege yonyamula anthuwo inanyamuka ku Tehran. Onse 52 anafika kwao amoyo. Panali anthu ambiri opfuula kuti Purezidenti aponye mabomba pa Iran, ndipo akadatero kapena anthu akadamuona ngati mwamuna. Koma kodi akadabwera amoyo angati?

Mitengo yocedwa kubala

Pali nchito zina za mtsogoleri zimene munthu saziona cifukwa cipatso cace ndico coipa cimene sicinacitike. Nkhondo imene sinamenyedwe ilibe manda oti munthu aloze.

Maiko a Egypt ndi Israel anamenyana nkhondo zinai, m'zaka za 1948, 1956, 1967 ndi 1973. M'September 1978 Bwana Carter anaitana atsogoleri ao, Anwar Sadat wa Egypt ndi Menachem Begin wa Israel, kumalo a kumapiri ochedwa Camp David. Anakhala komweko masiku 13. Atangoyamba, awiriwo anakangana kotero kuti sanathe kukhalanso pamodzi, ndipo Purezidenti wa America anasanduka nkhoswe, kucoka kunyumba ya uyu kunka kunyumba ya uyo ndi pepala m'manja. Pepalalo linalembedwa ndi kukonzedwa koposa kamakumi awiri. Tsiku lina Sadat anamanga katundu wace kuti azipita, ndipo Carter anamtsata kukampembedza. Inu amene munakhalapo ankhoswe pa ukwati wobvuta mudziwa kuti nchito yotere ilibe ulemu pamene ilikucitika. Pangano la mtendere linalembedwa m'March 1979, Israel anabweza dziko la Sinai, ndipo kucokera pamenepo maiko awiriwa sanamenyanenso. Mlandu wa anthu a ku Palestine sunathe, ndipo mwazi wambiri wakhetsedwa cifukwa ca iwo. Cimeneco ndico cigawo ca munda cimene anasiya cosalima.

Ku Panama kuli ngalande yaikuru yopitamo sitima kucoka nyanja ina kunka nyanja ina. Anaikumba ndi a America, naitsegula m'caka ca 1914, nasunga ngalandeyo pamodzi ndi dziko la m'mbali mwace ngati zao, pakati peni peni pa dziko la eni ace. Bwana Carter anapangana ndi mtsogoleri wa Panama, Omar Torrijos, m'caka ca 1977 kuti ngalandeyo ibwezedwe. Anthu ambiri a ku America anakwiya. M'nyumba ya malamulo yochedwa Senate panafunika mavoti 67, ndipo anapeza 68. Aphungu angapo amene anabvomera anataya mipando yao pa zisankho zotsatira. Ngalande inaperekedwa pa 31 December 1999, iye atacoka kale kale.

Nkhani ina ikukhudzani inu amene muli ndi abale ku Harare, kapena amene munagwirako nchito m'mapulazi ndi m'migodi. Boma la Ian Smith ku Rhodesia linali loletsedwa malonda ndi maiko onse, koma kuyambira 1971 America anali ndi lamulo lolola kugula miyala ya chrome kumeneko. M'March 1977 Bwana Carter anacotsetsa lamulolo. M'April 1979 kunacitika cisankho cimene cinaika Bishopu Abel Muzorewa pampando, koma mipando 28 mwa 100 inasungidwira azungu, asilikari ndi apolisi anakhalabe m'manja mwao, ndipo zipani za Robert Mugabe ndi Joshua Nkomo sizinalowe nao. Aphungu ambiri a Senate anakakamiza Purezidenti kuti atsegule malonda. Iye anakana, nati cisankhoco sicinakwane. Akadalola, a Smith akadapeza mpweya, ndipo nkhondo ikadapitirira. Pakutha pa caka comweco onse anakomana ku Lancaster House mu London, ndipo Zimbabwe anadzilamula pa 18 April 1980. Sitikunena kuti Carter ndiye anamasula Zimbabwe, iai. Anamasula ndi eni ace amene anafera kuchire, pamodzi ndi maiko oyandikana monga Zambia ndi Mozambique amene anapsya nao moto. Iye anangokana kutsegula khomo limene ambiri kwao anafuna litseguke, ndipo pa cisankho ca ku America kukana kumeneko sikunampatse kanthu.

Pamene analakwa

Amene amkonda munthuyu masiku ano afulumira kulumpha zolakwa zace. Ife sitilumpha, makamaka ici cokhudza alimi. M'December 1979 asilikari a Soviet Union analowa m'dziko la Afghanistan. Pofuna kuwalanga, m'January 1980 Bwana Carter analetsa kuwagulitsa tirigu ndi cimanga, matani ngati 17 miliyoni. A Soviet anangotembenuka nakagula ku Argentina ndi kwina. Amene anamva cikoti anali alimi a ku America, amene msika wao unacepa pa nthawi yomweyo imene ngongole zao zinali kukwera. Taonani, mlimi weni weni ndiye anacita zimenezi kwa alimi anzace! Kukhala wobadwira kumunda sikuti munthu adzakumbuka munda akakhala pampando.

Ndiponso ngati timwerengera zipatso zokoma zocedwa kupsya, tiyenera kumwerengera ndi zowawa zomwe. Ndiye anayamba kutumiza cithandizo, pambuyo pace ndi zida, kwa anthu omenyana ndi a Soviet ku Afghanistan. Bwana Reagan anacurukitsa zidazo. A Soviet atacoka m'caka ca 1989, magulu aja anatembenukirana okha okha, ndipo dzikolo linakhala zaka zambiri losaona mtendere. Mlanduwo suli wa Carter yekha, koma dzanja lace lirimo.

Iye analalikira kwambiri kuti maboma asazunze anthu ao, ndipo ku maiko ena monga Argentina mau ace anapulumutsa andende. Koma pa 31 December 1977 ali ku Tehran anayamika Shah, amene apolisi ace anali kuzunza anthu, ndipo m'October 1979 anamlola kulowa m'America kukacira kucipatala, ngakhale anacenjezedwa kuti ku Tehran kudzabvuta. Pasanathe masabata awiri nyumba ya kazembe inathyoledwa. Ndi Mobutu wa ku Zaire sanaleke kumthandiza.

Colakwa cina ncobisika, koma ncacikuru. Cipani cace cinali ndi aphungu ambiri m'nyumba zonse ziwiri za malamulo, koma iye sanadziwe kuyenda nao. Anali munthu wowerenga mapepala usiku wonse, wodziwa kanthu kali konse, koma waulesi pa kuceza, kupepesa ndi kunyengerera. Anayesa kuti cinthu cikakhala coona anthu adzacitsata okha. Nyakwawa iri yonse idziwa kuti sizitero. Mfumu yoweruza zolungama koma yosadya nsima ndi nduna zace itsala yokha pabwalo. Cifukwa ca ici ambiri odziwa mbiri samuika pamwamba ngakhale lero. M'caka ca 2021 a wailesi ya C-SPAN anafunsa ophunzira ambiri kuti aike Mapurezidenti 44 pamndandanda, ndipo Carter anakhala wa 26. Sali kumcira kumene anthu anamuika m'caka ca 1980, komanso sali kumutu.

Atabwerera kumudzi

M'January 1981 anabwerera ku Plains, napeza kuti nyumba yace ya malonda a mtedza, imene anasiyira ena, iri ndi ngongole yoposa madola 1 miliyoni. Anaigulitsa. Anakhalanso m'nyumba yomwe anamanga m'caka ca 1961, naphunzitsa Sande sukulu m'chalichi ca kwao, ndipo caka ndi caka iye ndi mkazi wace anagwira nyundo kumangira osauka nyumba.

M'caka ca 1982 anayambitsa bungwe lochedwa Carter Center. Bungweli linalimbana ndi nyongolotsi ya Guinea, imene ilowa m'thupi munthu akamwa madzi a padziwe osasefa, nituruka pakhungu patapita caka, kawiri kawiri pa nthawi ya kulima, munthu nkukhala osagwira khasu masabata ambiri. Nthendayi iribe mankhwala. Anaigonjetsa ndi kansaru kosefera madzi ndi kuphunzitsa anthu m'midzi kuti wodwala asaviike mwendo padziwe. M'caka ca 1986 odwala anali ngati 3.5 miliyoni m'maiko 21 a Africa ndi Asia. M'caka ca 2023 anapezeka 14 okha. Inu a ku Zambia mukumbuka kuti m'October 1991, pamene Kenneth Kaunda anapikisana ndi Frederick Chiluba, Bwana Carter anadza kudzayang'anira cisankho, ndipo Kaunda atagonja anacoka pampando mwamtendere. M'caka ca 2002 anapatsidwa mphoto ya Nobel ya mtendere.

Apa cenjerani. Anthu ambiri amene lero akuti Carter anaweruzidwa molakwa alikunena za nyongolotsi ndi nyumba za osauka. Koma zimenezo anazicita atacoka pampando, ndipo sizingatsitse mtengo wa petulo wa 1979 kapena kubweza tirigu wa 1980. Munthu wabwino ndi mtsogoleri wokhoza siali cinthu cimodzi nthawi zonse. Inu simungapatse munthu ng'ombe zanu kuti akalime nazo cifukwa cakuti apemphera bwino. Ife tiganiza kuti zaka zinai zija zikwana kuziimira zokha, popanda kubwereka ulemu wa zaka 43 zotsatira: anapeza munda wobvuta, anacedwa kupalira mbali ina, anaononga mbali ina ndi dzanja lace, koma pa Volcker, pa Camp David, pa Panama ndi pa Rhodesia anasankha cinthu comtayitsa mavoti, alikudziwa, ndipo zinaizo zinabala. Atsogoleri ambiri okhala zaka zisanu ndi zitatu sasiya zotere ngakhale ziwiri.

Mai Rosalynn anamwalira m'November 2023, atakhala m'banja zaka 77. Mwamuna wace anamtsata patapita caka ndi mwezi umodzi. Maliro ace anacitikira ku Washington pa 9 January 2025, Mapurezidenti asanu ali pomwepo, ndipo mau ena omyamika anali olembedwa ndi Gerald Ford, yemwe uja anamgonjetsa m'caka ca 1976. Ford anawalemba asanamwalire, ndipo anawawerenga ndi mwana wace. Madzulo a tsiku lomwelo mtembo unabwerera ku Plains, nuikidwa pafupi ndi mkazi wace, pabwalo la nyumba yao.